Funso: tsamba langa la zaulimi ndi la m'Chichewa, kodi lingadzilipirire lokha popanda kusintha chiyankhulo?

Wofunsa, Mchinji

Akuluakulu nonse a pa gulu lino, ndabwera kudzapempha nzeru kwa inu amene mwakhala mukuyendetsa masamba a pa intaneti kwa nthawi yaitali, makamaka amene masamba anu anafika poti akubweretsa kangachepe. Ine ndimalemba nkhani za ulimi wa soya, mtedza ndi chimanga m'Chichewa, ndipo owerenga anga ambiri ndi alimi a kuno ku Mchinji, a ku Kasungu, a ku Dowa komanso abale athu a tsidya la malire ku Chipata. Tsambali lili pa Blogger, malo a Google olembapo nkhani pa intaneti, dzina lake limathera ndi blogspot.com, ndipo sindilipira kalikonse kuti likhalepo. Nkhani zimene anthu amazikonda kwambiri ndi za kaumitsidwe ka mtedza popewa chuku, kathiridwe ka inokulanti (tizilombo tothandiza soya kupeza chakudya cha nayitrojeni) ku mbewu ya soya, ndiponso kasungidwe ka chimanga m'matumba osalowa mpweya a PICS.

Ngakhale malowo ndi aulere, ntchitoyi imadya ndalama. Pamafunika bandulo, pamafunika thiransipoti yopitira kukacheza ndi alangizi a zaulimi kuti zimene ndikulemba zikhale zoona, ndipo pamapita nthawi imene ndikanakhala ndili kumunda kwanga. Sindikufuna kulemera nalo tsambali, ndikungofuna kuti lizibweza zimene ndikulowetsa.

Aliyense amene ndamufunsa amatchula Google AdSense, njira imene Google imaika zotsatsa malonda pa tsamba lako n'kumakulipira. Nditawerenga malamulo ake ndinapeza kuti pali mndandanda wa ziyankhulo zimene amalola, ndipo Chingerezi, Chipwitikizi ndi Chifalansa zilipo, koma Chichewa palibe. Malamulowo akunena momveka kuti kuika zotsatsa zawo pa tsamba limene nkhani zake zambiri zili m'chiyankhulo chosapezeka pa mndandandawo n'kosaloledwa. Anzanga ena akuti ndingoyamba kulemba m'Chingerezi basi. Apa ndiye mtima wanga ukukana, chifukwa mayi amene akufuna kudziwa ngati mtedza wake wauma mokwanira safuna nkhani ya m'Chingerezi, ndipo ndinayamba kulemba chifukwa cha anthu ngati ameneyo.

Chachiwiri ndi nkhani yosamukira ku WordPress, pulogalamu ina yoyendetsera masamba. Ambiri amati tsamba la pa blogspot silipatsa ulemu pamaso pa makampani, koma hosting (malo olipira osungirako tsamba pa intaneti) yambiri imalipiridwa m'madola, ndipo khadi langa la ku banki silidalirika pa malipiro a kunja chifukwa cha kusowa kwa ndalama zakunja kumene tonse tikukudziwa. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa chilichonse cholipira m'madola unakwera tsiku limodzi, choncho ndikuopa kudzimangirira ngongole ya chaka ndi chaka imene sindingaikwanitse.

Palinso vuto lakuti owerenga ambiri amagula bandulo ya WhatsApp kapena ya Facebook yokha, moti ndikawatumizira linki amandiyankha kuti siikutseguka. Ndiye ndikufunsa kuti: kodi alipo pakati panu amene akupeza ndalama ndi tsamba la m'Chichewa, ndipo akudutsa njira iti? Kodi kusamukira ku WordPress kuli ndi phindu pa msinkhu umene ndili panowu, kapena ndidikire kaye?

Wokonza masamba, Blantyre

Achimwene, funso lanu ndalimva bwino, ndipo ndiyambira pa zida chifukwa ndiyo ntchito imene ndimadyera. Musafulumire kusamuka. Chimene mukufunika kugula choyamba ndi dzina la tsamba lanulanu, osati hosting. Blogger imalola kulumikiza dzina logula popanda kulipiritsa kanthu, ndipo imakupatsaninso HTTPS (chitetezo cha tsamba), kotero blogspot.com imachoka pamaso pa owerenga pamene nkhani zanu zonse zili pomwe zinali. Dzina lothera ndi .com limagulidwa pa mtengo wa pakati pa madola 10 ndi 15 pa chaka kwa ogulitsa ambiri. Lilipo lothera ndi .mw, limene kwa zaka zambiri akhala akuliyang'anira a Malawi SDNP. Makampani ena a konkuno amagulitsa maina ndi hosting m'makwacha kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, zimene zingakuchotsereni vuto la khadi lija.

Pogula kwa aliyense, funsani zinthu ziwiri musanapereke ndalama. Funsani mtengo wa chaka chachiwiri, chifukwa wa chaka choyamba kawirikawiri umakhala wotsitsidwa pofuna kukopa anthu. Funsaninso ngati dzinalo lilembetsedwe m'dzina lanu ndi imelo yanu. Ndaonapo anthu akutaya tsamba la zaka zambiri chifukwa amene anawagulira dzina analilemba ngati lake, kenako anasiya kuyankha foni.

Tsiku limene mudzafune kugulitsa zinthu pa tsamba pomwepo kapena kulemba ndi anzanu angapo, ndipamene WordPress idzakhale ndi tanthauzo. Dziwani kuti ilipo mitundu iwiri: WordPress.com, kumene amakusungirani tsamba okha, ndi pulogalamu yaulere ya ku WordPress.org imene mumaika pa hosting yanu. Yachiwiriyi ndiyo imakupatsani ufulu wonse, ndipo ili ndi chida chokokera nkhani kuchokera ku Blogger. Mukadzafika kumeneko musadzadzaze ma plugin, timapulogalamu towonjezera pa WordPress. Imodzi yothandiza kuti nkhani zizipezeka pa Google, monga Yoast SEO kapena Rank Math, ndi ina yosungira zonse padera, monga UpdraftPlus, n'zokwanira poyambira.

Lero lomwe chitani ziwiri zaulere. Lembetsani tsamba ku Google Search Console kuti muziona mawu amene anthu akulemba pofufuza mpaka kukupezani, chifukwa mawu amenewo ndiwo akuuzeni nkhani yotsatira yoti mulembe. Ndipo chepetsani zithunzi musanaziike, pogwiritsa ntchito TinyPNG kapena kuzisandutsa WebP, mtundu wa zithunzi zopepuka, popeza chithunzi chimodzi chochokera mu foni osachichepetsa chimatha kumaliza bandulo ya mlimi asanawerenge chiganizo choyamba.

Za AdSense, ngakhale Chichewa chikanakhala chololedwa, simukanapeza zimene anthu amaganiza. Salipira mpaka ndalama zitakwana madola 100, ndipo zikafika madola 10 amatumiza nambala ya PIN pa kalata ya pa positi kuti atsimikize adiresi yanu, zimene zimafuna bokosi lodalirika la ku positi ofesi. Kuwonjezera apo, mtengo wa zotsatsa umadalira dziko limene owerenga ali, ndipo otsatsa amalipira zochepa kwambiri pa owerenga a kuno poyerekeza ndi a ku America kapena ku Britain.

Wophunzira za kompyuta, Mzuzu

Bambo, bwanji osatsegula tsamba lachiwiri la Chingerezi, n'kumamasulira nkhani zanu zomwezo ndi Google Translate, popeza Chichewa chilimo? Lachingerezilo lingakhale ndi AdSense, la Chichewa n'kupitiriza monga kale. Mwanjira imeneyi simutaya alimi anu.

Mphunzitsi wopuma pa ntchito, Dedza

Mwana wanga wa ku Mzuzu, maganizo ako ndi abwino koma sindikugwirizana nawo pa nkhani za ulimi. Makina omasulira amatha kusokoneza dzina la mbewu, la tizilombo kapena muyezo wa mankhwala, ndipo wolemba ayenera kukhalanso pansi kukonza chiganizo chilichonse, ndiye kuti ntchito yawirikiza. Komanso amene amawerenga za soya m'Chingerezi ali kale ndi zolemba za mabungwe ofufuza monga IITA ndi ICRISAT, pamene wowerenga Chichewa ali ndi malo ochepa kwambiri opitako. Mphamvu ya bambowa ili pamene pali anthu ochepa opikisana nawo.

Mwini tsamba la maphikidwe, Lilongwe

Achimwene a ku Mchinji, ine ndimalemba za maphikidwe m'Chichewa ndipo ndalama zimene ndimapeza sizichokera kunja ayi, zimachokera kwa amalonda a konkuno amene ndimakambirana nawo ndekha. Ndikuona kuti inu muli pabwino kuposa ine, chifukwa wogulitsa mbewu, feteleza, matumba osungira chimanga kapena makina oswera mtedza akufunafuna anthu omwewo amene akukuwerengani. Kwa iye, mlimi wa ku Kapiri kapena ku Santhe amene akuwerenga za inokulanti mu Novembala ndi kasitomala amene waima kale pakhomo pa sitolo. Chichewa chimene chikukutsekerani khomo ku AdSense ndicho chimene wamalonda ameneyu angalipirire.

Konzani pepala limodzi loonetsa chiwerengero cha owerenga pa mwezi, maboma amene akuchokera ndi nkhani zimene amakonda. Manambala amenewa muwatenga ku Google Analytics ndi ku Search Console, ndipo musawonjezere ngakhale pang'ono, chifukwa wamalonda akadzazindikira sadzabweranso. Pitani nalo pepalalo kwa ogulitsa zipangizo zaulimi molingana ndi nyengo: a mbewu ndi feteleza kuyambira Seputembala mvula isanagwe, a matumba ndi ogula zokolola kuyambira Epulo. Makampani okhazikika adzakufunsani invoisi ndi TPIN (nambala ya wokhoma msonkho) ya ku MRA, ndipo ena amadula msonkho asanakulipireni, choncho konzekerani zimenezi musanapite.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikukupemphani ndi mtima wonse. Nkhani iliyonse imene mwalipidwa muziilemba poyera kuti ndi yotsatsa malonda, ndipo mankhwala ophera tizilombo amene sanavomerezedwe ndi Pesticides Control Board musawatsatse ngakhale atakulonjezani zingati. Alimi amakuwerengani chifukwa amakukhulupirirani, ndipo wina mbewu zake zikapsa chifukwa cha mankhwala amene anawaona pa tsamba lanu, mbiriyo idzafika midzi yonse ya m'dera lanu.

Njira ina ndi kabuku. Sonkhanitsani nkhani zanu za soya kuyambira kusankha mbewu mpaka kugulitsa, muzikonze bwino pa Canva kapena pa Google Docs, zikhale PDF yopepuka, ndipo muzigulitsa pa mtengo woti mlimi angakwanitse. Poyamba anthu akhoza kumangotumiza ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba inu n'kuwatumizira kabukuko pa WhatsApp, ndipo akachuluka mungagwiritse ntchito PayChangu, imene imalandira malipiro a pa foni ndi a pa khadi. Ena adzakagawana kaulere m'magulu, zimenezo simungaziletse, n'chifukwa chake ndi bwino kuika dzina la tsamba lanu pa tsamba lililonse la kabukuko. Musataye nthawi ndi Substack, tsamba lotumizira owerenga nkhani pa imelo, pofuna kulipiritsa owerenga, chifukwa imadalira kampani yolandirira malipiro ya Stripe, imene sitsegulira akaunti amalonda a ku Malawi. Amazon Associates, imene imakupatsani kangachepe munthu akagula katundu ku Amazon kudzera pa tsamba lanu, nayonso imafuna kuti anthu atatu agule kudzera pa linki yanu m'masiku 180 oyamba, ndipo alimi athu sagula ku Amazon.

M'bale wa ku Johannesburg

Achimwene, musatiiwale ife a kuno. Ambiri timatumiza ndalama za feteleza ndi aganyu kumudzi kudzera pa Mukuru, koma sitidziwa ngati zimene akutiuza pa foni za nthawi yobzala kapena mtengo wa soya zili zoona. Nkhani ngati zanu timaziwerenga ndi chidwi, ndipo kabuku kangagulidwe ndi ife n'kutumizira makolo. Muike nambala yolandirira ndalama pamalo ooneka bwino.

Wofunsa, Mchinji

Zikomo kwambiri nonse, makamaka achimwene a ku Blantyre ndi achemwali a ku Lilongwe, chifukwa mwanditsegula maso pa zinthu zimene ndimaziona ngati zazikulu kuposa msinkhu wanga. Ndatsimikiza zogula dzina la tsamba kaye ndi kukhalabe pa Blogger. Ndatsala ndi mafunso awiri. Achemwali, kodi mtengo wa malo otsatsira mumaupanga bwanji kuti musadzigwetse komanso musathamangitse wamalonda? Nanga owerenga a bandulo ya WhatsApp aja ndiwathandize motani, popeza iwo ndiwo ambiri ndipo sawerengedwa pa manambala a tsamba?

Mwini tsamba la maphikidwe, Lilongwe

Pa mtengo, yambani mwafufuza ndalama zimene wailesi ya m'dera lanu, monga Mudzi Wathu ya ku Mchinji komweko, imalipiritsa pa uthenga wamalonda, chifukwa wogulitsa mbewu adzakuyerekezani ndi wailesi, osati ndi Google. Kenako werengerani zimene mumawononga pa mwezi, kuphatikizapo dzina la tsamba mutaligawa pa miyezi 12, ndipo mtengo wanu usatsike kuposa pamenepo. Muzilipiritsa pa mwezi kapena pa nyengo yonse ya dzinja, ndalama zizibwera musanayambe kutsatsa, ndipo zimene mwagwirizana zilembedwe ngakhale pa pepala limodzi losainirana.

Za owerenga a WhatsApp, tsegulani WhatsApp Channel, imene inayamba mu 2023 ndipo siionetsa manambala a foni a anthu okutsatirani. Muziikamo nkhani yonse mwachidule osati linki yokha, ndipo nthawi zina muzijambula mawu kwa amene amavutika kuwerenga. Chiwerengero cha okutsatirani chimaoneka poyera, choncho chilembeni pa pepala lija pambali pa manambala a tsamba, ndipo wamalonda mumugulitse malo onse awiri pa mtengo umodzi.

Wokonza masamba, Blantyre

Ndiwonjezere pang'ono pa dzina limene mukukagula. Sankhani lalifupi, losavuta kulitchula pa wailesi kapena pa foni, lopanda manambala ndi timizere. Lembani tsiku limene lidzathe ntchito ndipo muzilipira kudakali mwezi wathunthu, chifukwa likadutsa nthawi yake mtengo wolibwezeretsa umakwera kwambiri, ndipo pomaliza wina aliyense akhoza kuligula. Mukagula, tiuzeni pompano, ndikulongosolerani mmene mungalilumikizire ku Blogger kuti ena a pa gulu lino apindule nawo.