Kodi "liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi" ndiye kuti chiyani?

Wa Fomu 4, Salima:
Akuluakulu, ndithandizeni. Masamu a momentum ndayamba kuwayeserera mochedwa, anzanga adayamba teremu yatha. Amalume atandipeza ndikulimbana ndi mapepala akale a MANEB adangoti, "Liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi," basi n'kutuluka. Amandiseka kapena amandilangiza? Nanga bwanji mchenga, osati msewu?

Mayi wa ku Nkhotakota:
Sadakuseke mwanangu. Pita kunyanja ukaone ana akamathamangitsana pagombe. Phazi limamira, mchenga umathawira kumbuyo, ndipo amene watsogola ndi mapazi asanu okha sungamupezenso, ngakhale uli ndi miyendo yaitali. Mwambiwu timanena pa ntchito imene anthu amayambira pamodzi: kubzala ndi mvula yoyamba, sukulu, chipereganyu. Ukati ndiyamba mawa, anzako sakudikira.

Mphunzitsi wa Physics:
Amayi afotokoza bwino. Ine ndingoikapo manambala, poti ndi zimene ukuwerengazo. Momentum ndi mass (kulemera kwa chinthu) kuchulukitsa ndi velocity (liwiro lake ndi komwe chikulowera). Tiyerekeze kuti ukulemera 50 kg ndipo ukufuna kufika pa 4 m/s (mamita 4 pa sekondi). Momentum yako ikhala 200 kg m/s. Lamulo lachiwiri la Newton limati force (mphamvu yokankha kapena kukoka) kuchulukitsa ndi nthawi zimafanana ndi kusintha kwa momentum. Pabwalo louma, nthaka ikamakukankhira kutsogolo ndi 100 N (ma newton, muyeso wa force), masekondi 2 akwana. Mumchenga phazi limatereka, tinene kuti yatsala 40 N, ndiye pafunika masekondi 5. Wochedwa amafunika kuposa liwiro la mnzake kuti amupeze, ndipo mchenga ndi umene umamumana mphamvu yochitira zimenezo.

Mchenga womwewo ndi umene umateteza olumpha long jump, chifukwa umatalikitsa nthawi yoima, force pa mawondo n'kuchepa. Funso limenelo alembi a mayeso amalikonda.

Bambo wina wa ku Dedza:
Aphunzitsi, mwambi musauike mu fomula. Makolo ankanena za khalidwe la munthu, osati za miyendo. Ndiponso omwewo adati kuthamanga sikufika. Mwanayu mukumuopseza ngati zake zatha.

Mphunzitsi wa Physics:
Zoona bambo, makolo sankawerengera ma newton. Koma adasankha mchenga chifukwa adaona chimene umachita ku phazi, ndipo adaona molondola. Kumuopseza ayi. Momentum ndi mutu waufupi, akhoza kuupeza. Iwe, tayesa ili: kangolo ka 2 kg kakuyenda 3 m/s, kagunda kena ka 1 kg kongoima, n'kumatirirana. Tingolo tiwiriti tiyenda pa liwiro lanji?

Wa Fomu 4, Salima:
Tisanagundane momentum ndi 2 kuchulukitsa ndi 3, ndiye 6. Titamatirirana mass ndi 3 kg. 6 kugawa ndi 3, yankho 2.

Mphunzitsi wa Physics:
2 chiyani, mbuzi? Lemba 2 m/s, ndipo unene kuti tikulowera komwe kankapita koyamba kaja. Tsopano bwereza, koma ka 1 kg kaja kakhale kakubwera modzakumana nako pa 3 m/s. Usamale, kamodzi katenga chizindikiro chochotsera.