Nkhalango ndi ya boma, nde bwanji apolisi akumanga oiteteza mmalo mwa oidula?

kachiwala_88

Anzanga ndithandizeni pa ichi, mwina ndine amene sindikumvetsa. Dzulo usiku tulo tinandithawa nde ndimangoonera ma video akale a ku Fairy Creek ku Canada, aja a 2021, apolisi akukhwekhweretsa anthu pamsewu wa mnkhalango, ena akuwapopera pepper spray kumaso, ena mwa anthuwo achikulire ndithu oti ndi makolo a anthu. Sanabe kanthu, anangokhala pansi pamsewu kuti mathiraki asadutse kukadula mitengo yoti ina yatha zaka mazanamazana ilipo. Nde funso langa ndi ili, nkhalango ngati imeneyo si ya kampani, ndi malo a boma, kutanthauza kuti ndi ya anthu onse eti? Apolisi naonso amalipidwa ndi misonkho ya anthu omwewo. Nde zikutheka bwanji kuti eni ake katundu ndi amene akuvekedwa unyolo pomwe wodulayo apolisi akumulambulira njira? Osandiseka, ndikufunsa zenizeni.

Kalaliki

Achimwene funso lanu ndi labwino koma pali kachinthu kamodzi kamene mwadumpha. "Ya boma" sizitanthauza kuti aliyense ali ndi mawu pa mtengo uliwonse. Boma limasunga nkhalangoyo mdzina la anthu inde, koma ndi boma lomwelo limene limapereka laisensi kwa kampani kuti idule mbali yakutiyakuti, ndipo kampaniyo imalipira boma pa mitengo imene yadula. Pamaso pa lamulo wodulayo pepala ali nalo, inu mwakhala pamsewu mulibe pepala lililonse.

Zimayenda chonchi. Anthu atseka msewu, kampani siyambana nawo, imapita ku khoti kukanena kuti tikuluza ndalama tsiku ndi tsiku, ma worker athu angokhala, tipatseni chiletso. Jaji sakhala pansi nkumafunsa ngati kudula mitengo yakale kuli kwabwino kapena koipa, zimenezo amati ndi za andale. Iye amangoona kuti laisensi ilipo ndipo msewu watsekedwa, basi chiletso chatuluka. Kuyambira pamenepo amene wakhala pamsewu sakulimbananso ndi kampani, akulimbana ndi khoti, mlandu wake ndi wonyoza khoti. Apolisi akabwera amati ife sitikuteteza kampani tikungokwaniritsa lamulo la khoti.

Ku Fairy Creek komwe mwatchulako ndi mmene zinakhalira. Anthu anayamba kutseka misewu mu August 2020, kampani ya Teal-Jones inapeza chiletso pa 1 April 2021, apolisi a dziko la Canada otchedwa RCMP anayamba kumanga mu May, ndipo pomaliza omangidwa anadutsa 1,100. Anaposa aja a ku Clayoquot Sound mu 1993 omwe anali 800 ndi kena kake, chilumba chomwecho cha Vancouver Island, nkhani yake yomweyonso ya mitengo yakale.

mai_a_awiri

A Kalaliki zonse mwanenazo ndi zoona koma mwazisalalitsa kwambiri ngati apolisiwo ndi angelo ongotumidwa. Pepala la khoti limati chotsani anthu pamsewu, silinena kuti apopereni tsabola mmaso anthu oti akhala pansi agwirana mikono, silinena kuti thamangitsani atolankhani asaone. Ndipo si ine ndikunena izi, jaji wa khoti lomwelo Douglas Thompson mu September 2021 anakana kuonjezera masiku a chiletso chija, chifukwa chake anati mmene apolisi amachitira zimaphwanya ufulu wa anthu kuphatikizapo wa atolankhani ndipo zimaipitsa mbiri ya khoti. Ena mwa apolisiwo amagwira ntchito atachotsa zowazindikiritsa pa yunifomu, nde munthu wachilungamo amabisiranji dzina lake? Inde khoti la apilo linadzabwezeretsa chiletsocho mu January 2022, koma zoti jaji anafika potopa nawo zikukuuzani kena kake.

Ndipo si zatsopano izi. Ku Humboldt County ku California mu 1997 achinyamata anadzimangirira mikono mmapaipi achitsulo potsutsa kudula mitengo ya redwood, apolisi anatenga timitengo ta thonje tija timatokosera mkhutu, kutiviika mu pepper spray nkumawapaka mzikope mmodzimmodzi, munthu oti manja ake ali mpaipi sangathe ngakhale kudzipukuta. Anajambula okha pa video. Achinyamatawo anasumira apolisi, mlandu unayenda zaka, mu 2005 khoti linapeza kuti apolisi anapyola muyezo, mukudziwa chipepeso chake? 1 dollar aliyense. Mxiii.

Dalaivala_wopuma

Ine ndiyankhuleko monga munthu amene ndinakhalapo mbali inayo, mundikhululuke ngati ndikhumudwitse ena. Ndinayendetsapo thiraki yonyamula zipika kwa zaka zingapo, kampani sinditchula. Timalipidwa pa tiripi, ukapanda kutsitsa katundu palibe chako. Tsiku lina tikupita kukanyamula tinapeza msewu atseka, agwetsera miyala ndi nthambi, anthu ngati makumi atatu akuimba, ena anyamata a sukulu oti ndi msinkhu wa ana anga. Tinakhala pamenepo masiku atatu mathiraki ali pa mzere, kugona mu cab, mabwana akungoimba foni kuti dikirani zikutheka. Iwo ali mu ofesi salary yawo ikuyenda, ife masiku atatu opanda kanthu.

Koma ndinene zoona, anthu aja sanatichite chipongwe. Mtsikana wina anabwera pa windo langa mmawa kudzandifunsa ngati ndili ndi madzi akumwa, amvekere bambo ife sitikulimbana ndi inu. Ndinasowa choyankha. Tsiku lachitatu apolisi atabwera, wina anawerenga kapepala pa megaphone mothamanga ngati akuthawa mvula, sindikukhulupirira kuti alipo anamva bwinobwino, kenako utsi okhetsa misozi, anthu balala mtchire, nsapato kutsala pamsewu. Mtsikana uja ndinamuona akumukweza mgalimoto akutsokomola, ine utsi omwewo unandilowa mu cab maso kuwawa tsiku lonse. Msewu utatseguka ndinayatsa injini ndikupita kukanyamula, nditani ana adye. Koma chisangalalo panalibe.

Chimene chimandinyasa ine ndi choti pamsewupo timakumana ndife amphawi okhaokha, dalaivala, wodula ndi chainsaw, mwana wa sukulu, wapolisi wa constable oti nayenso mwezi ukafika pakati ali mngongole. Amene anasaina laisensi simudzamuona pamenepo olo tsiku limodzi. Nde inu ochita ma demo mukamati nkhalango ndi ya tonse muzikumbukiranso kuti ena mwa tonsefo timadyera momwemo. Ndipo ena mwa anzanu amaonjeza, ku America kunali aja okhomera misomali ikuluikulu mmitengo kuti macheka aonongeke, mu 1987 munthu wogwira ntchito pa fakitale yocheka matabwa ku California anavulala koopsa kumaso macheka atagunda chitsulo nkuduka. Ameneyo analakwanji?

mai_a_awiri

Pepani bambo pa zomwe munadutsamo, za misomalizo inenso sindigwirizana nazo. Koma onani bwino nkhani yanu yomwe, anakupatsani ulemu ndi mtsikana uja, anakuthirani utsi ndi apolisi.

Kalaliki

Kkkk mayi mwawagwira pamenepo. Koma ndionjezereko pa za megaphone zomwe anena adalaivala chifukwa si nkhani yaing'ono. Kuti munthu apezeke olakwa pa mlandu onyoza khoti akuyenera kuti anali akudziwa zomwe chiletsocho chikunena. Ku Fairy Creek apolisi amawerengera anthu kachidule chabe mmalo mwa chiletso chonse, wina anawina mlandu pa mfundo imeneyi, ndipo mu 2023 boma linachotsa milandu ina 146 chifukwa chomwecho. Nde taganizani, munthu anamangidwa, anasowa tulo zaka ziwiri kudikira mlandu, kenako akuti pita ulibe mlandu, pomwe malo amene amatetezawo mwina anaduliratu kalekale.

Komanso a kachiwala pali china chomwe ma video saonetsa. Malo aja ndi a mtundu wa Pacheedaht, eni nthaka enieni, ndipo utsogoleri wawo wosankhidwa unapempha ochita zionetsero kuti achoke chifukwa iwo ali ndi mgwirizano wawo pa za matabwa ndipo safuna alendo aziwauza zochita, pomwe mkulu wina wa mtundu omwewo Bill Jones anali mbali ya ochita zionetsero. Nde ukamati "eni ake" ukunena ati? Mu June 2021 a Pacheedaht pamodzi ndi mitundu inzawo ya Ditidaht ndi Huu-ay-aht ndi amene anapempha kuti kudula kuime kaye zaka ziwiri pa mahekitala pafupifupi 2,000 ndipo boma la chigawo chawocho cha British Columbia linavomera.

Gogo_Mbawa

Ana inu mwakamba zambiri, ine ndingoyankha a Kalaliki pa mfundo ya pepala. Mukuti wodula pepala ali nalo. Chabwino. Nanga pepalalo likakhala kuti ndi lolakwika?

Taonani za ku Poland, nkhalango ya Białowieża, yakalekale, ili pa mndandanda wa UNESCO, muli njati za ku Ulaya. Mu 2016 nduna ya zachilengedwe Jan Szyszko inaloleza kuti kudula kuchuluke katatu mbali ina ya nkhalangoyo, ati pofuna kuthana ndi kachilombo kofumbula mitengo ya spruce. Asayansi ambiri anati ayi, nkhalango yachilengedwe imadzichiritsa yokha, mitengo yakufa nayonso ili ndi ntchito yake. Mu 2017 achinyamata anakamanga misasa komweko, kumadzimangirira ndi matcheni ku zimakina zodula, alonda a nkhalango kumawakoka, apolisi kumawatsegulira milandu. Onsewo amati tikutsata lamulo. Khoti la European Union linalamula mu July 2017 kuti kudula kuime, boma linapitiriza, mpaka mu November khotilo linaopseza chindapusa cha 100,000 euro pa tsiku. Pa 17 April 2018 chigamulo chinatuluka kuti amene amaphwanya lamulo ndi boma la Poland. Tsono ndiuzeni, miyezi yonse ija apolisi amateteza lamulo liti?

Ku Kenya nkhalango ya Karura mu Nairobi, kumeneko sinali nkhani ya matabwa kwenikweni, amagawana malo a boma mwamseri kuti amange nyumba, koma mitengo imagwa chimodzimodzi. Mu January 1999 mayi Wangari Maathai anapita ndi anzawo kukadzala mbande, anthu olembedwa ganyu yolondera anawamenya mpaka kuwatema mmutu, apolisi osamanga omenyawo. Lero Karura ilipo anthu akupitako kukapuma, mayiwo analandira Nobel mu 2004. Nthawi imeneyo amatchedwa osokoneza.

Ndiye chifukwa chake anthu amakhala pamsewu osangodikira khoti. Khoti limayenda ngati nkhono, chainsaw imagwetsa mtengo wa zaka 500 tiyi asanazizire. Madzi akatayika saoleka. Okhala pamsewuwo amadziwa kuti sangagonjetse apolisi, akungogula masiku kuti mlandu ukamatha mitengo ina ikhale idakaima.

kachiwala_88

Zikomo nonse, agogo zikomo kwambiri, za Poland sindimazidziwa olo pang'ono. Nde ngati ndamva bwino vuto limayambira kutali, pa laisensi, apolisi amabwera kumapeto kwenikweni. Koma a Kalaliki ndikufunseni, anthu wamba sangathenso kupita ku khoti komweko kukatenga chiletso choletsa kampaniyo? Bwanji zimaoneka ngati chiletso chimathamangira mbali imodzi?

Kalaliki

Atha kupita, ndipo nthawi zina zimatheka, ku Germany mu October 2018 khoti linaimitsa kampani ya magetsi ya RWE kudula nkhalango ya Hambach bungwe loteteza zachilengedwe la BUND litakasuma, masabata ochepa apolisi atagwetsa tinyumba ta mmitengo ta ochita zionetsero. Koma mpikisano wake si olingana achimwene. Kampani ikafika kwa jaji imabwera ndi ma figure, tsiku lililonse tikuluza zakuti, ma contract ndi awa, zowerengeka. Inu mukuyenera kuonetsa kuti laisensiyo inaperekedwa molakwika, mufunika ma loya, akatswiri, malipoti a zachilengedwe, komanso mmaiko ambiri wopempha chiletso amayenera kulonjeza kuti akadzaluza mlandu adzabweza zomwe mnzakeyo waluza. Kagulu ka anthu osonkherana kangalonjeze zimenezo kwa kampani ya matabwa?

Dalaivala_wopuma

Agogo ndakumvani, sindikutsutsa. Ine changa nchimodzi, tsiku lina mukadzakonza ma demo yambani mwapita kukakhala pa geti la amene amasaina uja, muone ngati apolisi adzadikire masiku atatu ngati anachitira ndi ife.