Chiliza cha Agogo: gulu la banja

Achemwali (Mchinji): Mwadzuka bwanji nonse. Mmisiri uja ndakumana naye dzulo. Akuti timupatse mawu olemba pa mwala lisanafike Lachisanu, apo ayi atenga ntchito ina. Za ndalama, pa nyumba 14 zija apereka ndi 6 basi.

Malume (Lilongwe): Tchulani maina. Tinagwirizana K40,000 nyumba iliyonse. Amene sanapereke asatiuze zochita.

Azakhali (Chipata): Mwadzuka bwanji ana anga. Ine ndinatumiza kudzera kwa mwana uja amagulitsa zitenje, munalandira?

Achemwali (Mchinji): Ndinalandira azakhali, zikomo. Koma nditasintha pa Mwami inaperewera pang'ono.

Azakhali (Chipata): Mukamati kwacha muzinena kuti ya uko kapena ya kuno. Zimatisokoneza ife.

Mdzukulu (Zomba): Agogo, pa mwala ndalemba chonchi: dzina lawo, kenako "Anabadwira ku Fort Jameson, anagona ku Mchinji". Zili bwino?

Azakhali (Chipata): Iyayi mwanawe. Pamene ankabadwa Fort Jameson, Chipata ya lero ino, kunalibe. Anabadwira m'dziko la Mpezeni, mfumu ya Angoni. Nkhondo ya azungu ya mu January 1898 inawapeza ali mnyamata wa kubusa. Ndinamva ndi makutu angawa, titakhala pa khonde iwo akusoka mphasa. Akuti atamva mfuti anasiya ng'ombe kudambo nkuthawira kuphiri ndi mayi awo. Pobwerera anapeza mudzi uli phulusa, khola lili pululu.

Mdzukulu (Zomba): Zoona, ndinawerenga kuti asilikaliwo anachokera mbali ya Nyasaland ndipo analanda ng'ombe zikwizikwi. Nsingu, mwana wa Mpezeni amene ankatsogolera nkhondo, anamuwombera atamugwira. Tauni ya Fort Jameson inakhala likulu la North-Eastern Rhodesia mu 1899 mpaka 1911 pamene anaphatikiza dzikolo ndi la kumadzulo.

Malume (Lilongwe): Mbiri ndi yabwino koma simenti sagula ndi mbiri. Nyumba 8 sizinapereke.

Achimwene (Joni): Ine ndituma month end. Mukudziwa kale kuti sindilephera.

Malume (Lilongwe): Pa maliro aja munateronso.

Achimwene (Joni): Amalume tisayambe zimenezo pano.

Mayi aang'ono (Kamwendo): Odi kuno. Ine foni inali kwa otchaja. Ndawerenga zonse. Funso langa ndi lakuti bwanji pa mwala sitikulembapo kuti anali mesenjala wa boma? Chinali chinthu cha ulemu. Chipewa chawo chofiira chija chinakhala m'bokosi mwa mayi mpaka chiswe chinadya.

Azakhali (Chipata): Ulemu kwa ena. Kuno kuli mabanja amene mpaka lero amakumbuka amene ankabwera kudzawerenga nyumba.

Mayi aang'ono (Kamwendo): Nanga akanatani achemwali? Ng'ombe zapita, mzungu akufuna masheleni atatu pa nyumba, ndalama munthu sanaionepo chibadwire. Anzawo ankayenda pansi mpaka ku Halale, ena osabwerako, matchona. Ena ankasenza katundu wa mtengatenga ndi machila. Ena ankalima fodya wa azungu m'mafamu a Fort Jameson. Iwo anasankha ntchito yoti azigona kwawo.

Azakhali (Chipata): Sindikuwanyoza, ndi agogo anga inenso. Koma iwo eni ankati ntchito imeneyo inawadyetsa nsima yowawa. Bwana akati pita ukagwire wosakhoma msonkho, wosakhomayo ndi msuweni wako. Mfumu ikabisa anthu, boma limaichotsa nkuika ina yomvera. Ndi mmene ufumu wa mudzi uja unachokera ku nyumba yaikulu kupita kumene uli lero. Sindinena zambiri, ana ali pano.

Bambo aang'ono (Kumudzi): Nkhani ya ufumu isalowe pano chonde. Inatha kalekale pa bwalo.

Malume (Lilongwe): Inatha kwa amene inawakomera. Koma bambo aang'ono, inunso muli pa nyumba 8 zija.

Bambo aang'ono (Kumudzi): Ine ndapereka mchenga ngolo zitatu ndi njerwa. Ng'ombe zokoka ngolozo ndi zanga. Muwerengere zimenezo.

Achemwali (Mchinji): Zoona, mchenga wafika, ndauona ndi maso. Ndiye zatsala 7.

Mdzukulu (Zomba): Pepani ndifunse, nanga anapezeka bwanji mbali ya Malawi ngati ntchito inali ku Fort Jameson?

Azakhali (Chipata): Chikamwini mwanawe. Agogo aakazi anali Mchewa wa kwa Mkanda. Mngoni amalowola nkutenga mkazi, koma wopanda ng'ombe alowola ndi chiyani? Atasiya ntchito anakakhala kwa mkazi. Ndipo masiku amenewo malire anali a pa pepala la mzungu. Ankati madzi akatsikira ku Luangwa ndi kwa Kampani ya azungu yolamulira Rhodesia, akatsikira ku Bua ndi Nyasaland. Munthu munda uku, nyumba uko. Msonkho ukavuta mbali ino anthu ankasamutsa mudzi usiku kuwoloka, mesenjala akafika apeza mabwinja.

Mayi aang'ono (Kamwendo): Eee, ndipo mchere ndi nsalu ankakagula m'masitolo a amwenye ku Fort Jameson, wapansi, kunyamuka tambala woyamba. Boma la kuno linali Fort Manning. Mayi mpaka kumwalira sanazolowere kunena kuti Mchinji Boma, ankangoti ndikupita ku Fotimaning'i.

Mdzukulu (Zomba): Dzinalo ndi la William Manning, msilikali wa Chingerezi amene pambuyo pake anadzakhala bwanamkubwa wa Nyasaland.

Achimwene (Joni): Kodi amene ali ndi chithunzi chija atayima ndi njinga? Nditumizireni ndikufuna ndichikulitse.

Mayi aang'ono (Kamwendo): Chinapita ndi amene anatenga bokosi lija tsiku la kusesa.

Malume (Lilongwe): Bokosi lili bwinobwino kwanga, silinabedwe. Tibwerere ku ndalama. Amene sanapereke asatiuze zochita.

Achemwali (Mchinji): Palinso nkhani ya mapemphero. Abusa a CCAP ndawauza, koma a kwa azakhali akuti pabwere wansembe.

Azakhali (Chipata): Agogo aamuna anaphunzira kuwerenga kwa amishoni a Dutch, amene anayamba ku Magwero mu 1899. Ndi chifukwa chake boma linawalemba ntchito. Koma agogo aakazi anabatizidwa ndi ansembe a ku Kachebere, mishoni ya 1903 ija ili pa malire penipeni. M'nyumba imodzi Lamulungu wina uku wina uku, osakangana. Abwere onse awiri, chavuta nchiyani?

Bambo aang'ono (Kumudzi): Awiri ndiye kuti nkhuku ziwiri. Musaiwalenso ya amfumu ndi chakudya cha adzukulu. Kumanda sitilowa popanda amfumu kudziwa.

Malume (Lilongwe): Ndiye mukuona chifukwa chake ndikulira ndalama.

Achemwali (Mchinji): Tsiku lija la Loweruka lomaliza la August silitheka. Ndi la Kulamba ku Mkaika, amfumu sadzakhalapo ndipo magalimoto pa Mwami amadzaza.

Azakhali (Chipata): Ikani sabata yachiwiri ya September. Ife tibwera 9, ana akatenge border pass msanga. Koma mutidikire pa boda ndi galimoto, miyendo yanga ya kabaza inatha.

Achimwene (Joni): September ine sindipeza tchuthi.

Malume (Lilongwe): Ndalama siifuna tchuthi, tumizani.

Mdzukulu (Zomba): Ndiye pa mwala ndilembe chiyani? Mmisiri amawerengera chilembo chilichonse.

Mayi aang'ono (Kamwendo): Ine ndanena kale za umesenjala.

Azakhali (Chipata): Achemwali, zimenezo tidzanene pakamwa tsikulo, ndidzafotokoza ndine, zabwino ndi zowawa zomwe, ana amve. Pa mwala palembedwe dzina, mfunda wawo, ndi kuti anabadwira kwa Mpezeni, anagona kwa Mkanda. Chaka chobadwa musalembe, iwo eni ankangoti ndinali wa kubusa pa nkhondo ya Nsingu.

Mayi aang'ono (Kamwendo): Chabwino. Koma mudzanene ndithu kuti analera ana amasiye 5 ndi malipiro omwewo.

Azakhali (Chipata): Ndidzanena. Mmodzi wa iwo anali mayi a amene ali chete pa gulu lino chiyambire.

Achemwali (Mchinji): A ku Kasungu ndi a ku Blantyre mauthenga akuwerenga, zikuoneka kuno. Ndiwayimbira madzulo ano.

Malume (Lilongwe): Muwauze kuti K40,000, ya Malawi. Lachitatu ndikufuna kuona maina pano.

Bambo aang'ono (Kumudzi): Simenti ikafika mundiuze nditumize ngolo pa Kamwendo. Isagone panja.

Achemwali (Mchinji): Mdzukulu tumiza mawuwo panopa ndipite nawo kwa mmisiri.