Masiku awiri okha mu London, ndili ndi mayi okalamba: tiyambire pati?

Membala wobisa dzina: Moni nonse pagulu pano. Mu Disembala ndikuperekeza amayi anga ku Leeds, kumwambo womaliza maphunziro wa mdzukulu wawo. Viza tinapeza kale. Titera pa bwalo la ndege la Heathrow Loweruka m'mawa, basi ya ku Leeds tikwera Lolemba. Amayi ali ndi zaka 68 ndipo mawondo amawavuta. Tili ndi masutikesi awiri akuluakulu, ndalama n'zochepa. Tingaone chiyani pa masiku awiriwa, ndipo tiyende bwanji?

aPhiri: Yambani ndi katundu, zoona malo pambuyo. Mahotela ambiri sapereka chipinda m'mawa, amati mudikire cha m'ma 2 kapena 3 koloko masana, koma ambiri amalola kusiya zikwama. Alembereni musananyamuke kuti mutsimikize. Akakana, pa masiteshoni a Victoria, Paddington ndi King's Cross pali malo osungitsa katundu, amalipiritsa chikwama chilichonse pachokha. Malo ogona funani kufupi ndi Victoria, chifukwa mabasi a National Express opita ku Leeds amanyamukira pa Victoria Coach Station.

Kuchoka pa Heathrow kwerani sitima ya Piccadilly line, ndiyo yotsika mtengo. Mukatsike pa Hammersmith n'kukwera District line yopita ku Victoria. Ndasankha Hammersmith dala: sitima ziwirizi zimaima mbali ziwiri za pulatifomu imodzi, ndiye palibe masitepe okweza masutikesi. Ulendo wonse ndi pafupifupi ola limodzi. Sitima yothamanga ya Heathrow Express imafika pa Paddington m'mphindi 15, koma mtengo wake si wa munthu amene akuwerenga ndalama.

Nabanda: Nkhani ya kulipira musaipeputse. Mabasi a mu London anasiya kulandira ndalama ya m'manja mu 2014. Mumagunditsa khadi la kubanki kapena la Oyster (khadi lolipirira mabasi ndi sitima mu London) pa kachipangizo kachikasu. Aliyense akhale ndi khadi lake, limodzi silingalowetse anthu awiri. Makhadi a mabanki akwathu nthawi zina amakana kunja chifukwa cha malire a ndalama zakunja, choncho gulani ma Oyster awiri pasiteshoni ya pa Heathrow pomwepo n'kuikamo ndalama. Pa sitima mumagunditsa polowa ndi potuluka, khadi lomwelo. Mukaiwala potuluka makina sadziwa komwe mwatsikira, ndiye amadula mtengo wapamwamba. Pa basi ndi polowa pokha, ndipo mukasintha basi ola lisanathe simulipiranso. Tsiku lililonse lili ndi malire ake, mukawafika zotsalazo mumayenda osadulidwa.

Ngati wina wakupatsani mapaundi omwe anasunga kalekale, ayang'aneni. Ma £20 ndi £50 apepala anasiya kugwira ntchito m'mashopu pa 30 Sepitembala 2022, apano ndi apulasitiki.

aMbewe: Loweruka likhale la Westminster basi. Mukatuluka pasiteshoni ya Westminster, yomwe ili ndi ma lift, nsanja ya wotchi ya Big Ben ili pamaso panu. Kuwoloka msewu ndi Parliament Square pomwe pali chiboliboli cha Nelson Mandela, ndipo tchalitchi cha Westminster Abbey chili pompo. M'kati mwake, pansi pakatikati pa tchalitchi, ndi pamene anaika David Livingstone mu 1874, antchito ake Susi ndi Chuma atanyamula mtembo wake kuchokera kwa Chitambo ku Zambia mpaka kunyanja yamchere. Munthu wa zaka za amayiwo, amene anakula akumva za Livingstonia ndi Blantyre, malo amenewa adzawakhudza kuposa nyumba yachifumu. Kulowa n'kolipira ndipo si pang'ono. Lamulungu alendo ongoona malo saloledwa, ndi tsiku la mapemphero lokha, n'chifukwa chake ndati Loweruka. Mapemphero ake ndi aulere, koma simuyendayenda m'kati.

Mphamvu zikatsala, dutsani mu St James's Park kupita ku Buckingham Palace, nyumba yachifumu ija. Muli mabenchi ambiri opumirapo.

Nangondo: Mukafikenso pa Trafalgar Square mukaone chiboliboli cha John Chilembwe.

aMbewe: Pepani achemwali, chinachotsedwa. Chinali cha Samson Kambalu, chinaima pamenepo kuyambira 2022 mpaka 2024, chifukwa pa nsanamira yomwe chinaimapo amasinthasintha ziboliboli. Koma pa Trafalgar apitebe Lamulungu. Ku National Gallery, nyumba yoonetsera zojambula yomwe ili pomwepo, kulowa n'kwaulere, muli kofunda, mipando ndi zimbudzi. Kuchoka apo akwere basi nambala 15, imadutsa pa St Paul's Cathedral mpaka pa Tower of London. Ndi msewu womwewo umene mabasi a alendo amadulira ndalama zambiri. Amayi akhale pansi, masitepe opita pamwamba ndi opapatiza ndipo basi siidikira kuti munthu akhazikike. Mlatho wa nsanja ziwiri wa pazithunzi uja, womwe uli pafupi ndi Tower of London, ndi Tower Bridge. Mukafunsa London Bridge akulozerani wina wopanda chokopa.

Membala wobisa dzina: Zikomo kwambiri akuluakulu. Nanga nyumba yosungira zinthu zakale ya British Museum ndi kusinthana kwa asilikali pa Buckingham tingazikwanitse?

Nabanda: Kwa mawondo amenewo, za asilikali zisiyeni. Sizichitika tsiku lililonse, mvula ikakula amalepheretsa, ndipo kuti muone bwino muyenera kuima pampanda nthawi yaitali m'chisanu. Pa Whitehall, pakati pa Big Ben ndi Trafalgar, pamakhala asilikali a pa akavalo masana, chithunzi mujambula popanda kudikira. British Museum ndi yaulere koma ndi yaikulu zedi, ndipo masutikesi salola. Sankhani imodzi, iyo kapena National Gallery.

Kumbukiraninso kuti mu Disembala dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane. Zapanja zonse zithe pofika 3 koloko. Amayi avale zovala zingapo zosanjikiza, chipewa, magolovesi ndi nsapato zosalowa madzi.

aPhiri: Zina zingapo zazing'ono. Masoketi a magetsi ndi ofanana ndi akwathu, a mano atatu, musagule adaputa. Ndipo Lamulungu masitolo akuluakulu amatsegula maola 6 okha, ambiri amatseka pofika 5 kapena 6 koloko, ndiye kamba wa pa basi ya Lolemba muguliretu masana. Tikiti ya ku Leeds gulani pa intaneti panopa, ndipo Victoria Coach Station si nyumba imodzi ndi siteshoni ya sitima, pali kamtunda ka mphindi pafupifupi 10 kwa munthu wokoka katundu.