Likulu la banki likavutika kunja, ndingadziwe bwanji kuti ndilo lachepetsa ngongole kuno?

Wofunsa:
Akuluakulu a pagulu pano, ndithandizeni. Ndikuchita kafukufuku wa kusukulu wofuna kuona ngati mavuto ogwera likulu la banki m'dziko lina amachepetsa ngongole zomwe bankiyo imapereka kunja. Aphunzitsi andiuza kuti ndiyambire pa zomwe Joe Peek ndi Eric Rosengren anapeza mu 1997 zokhudza mabanki a ku Japan. Chandizunguza mutu ndi ichi: ngongole zikatsika, ndidziwa bwanji kuti banki ndiyo yaumira, osati kuti anthu ndiwo asiya kukongola?

Yankho loyamba:
Achimwene, funso lanulo ndiye mtima wa nkhani yonse. Awiriwo anasankha Japan chifukwa vuto linabadwira ku Tokyo, koma ngongole anakaziyezera ku America, komwe okongolawo sanalowererepo pa chiyambi chake. Kumapeto kwa 1989 Nikkei, muyezo wa mitengo ya masheya ku Tokyo, inafika pafupifupi 38,900, ndipo pofika 1992 inali itagwa kupitirira theka. Malamulo a Basel a 1988, omwe mayiko anagwirizana poyang'anira mabanki, ankafuna mpamba wa 8 peresenti poyerekeza ndi ngongole zomwe banki yapereka, koma ankalola mabanki a ku Japan kuwerengera mu mpambawo 45 peresenti ya phindu la masheya omwe sanagulitse. Masheya atagwa, mpamba unafota. Werengani nokha: ngati madola 8 amanyamula ngongole ya madola 100, banki yomwe ili pamalire ikataya dola imodzi iyenera kudula ngongole ya madola 12.5 kapena kupeza mpamba wina. Mu 2000 awiriwo anasonyezanso kuti kudulako kunafooketsa ntchito zomanga ku America, makamaka komwe mabankiwa anali ndi gawo lalikulu, monga California ndi New York. Ndiye inunso sakani vuto lomwe linayambira kutali ndi okongola anu.

Yankho lachiwiri:
Ndiwonjezepo, chifukwa ambiri amagwera apa. Nthambi ndi banki yolembetsedwa payokha si chinthu chimodzi. Nthambi imadalira mpamba wa kulikulu, n'chifukwa chake nthambi za mabanki a ku Japan ndizo zinadula ngongole kwambiri. Mukabweretsa nkhaniyi kwathu kuno, Standard Bank ndi ya gulu la ku South Africa, Ecobank likulu lake lili ku Lomé, ku Togo, koma onse awiri ndi olembetsedwa m'Malawi, ali ndi mpamba wawo woyang'aniridwa ndi Reserve Bank. Choncho musangoti poti eni ake ndi akunja ndiye kuti vuto liwoloka. Tsegulani malipoti awo a pachaka muone kuti ndalama zokongozazo ndi zingati zochokera kwa osungitsa a konkuno, ndi zingati zobwereka ku gulu lawo. Zobwerekazo zikakhala zochepa, njira ya vutolo ndi yopapatiza.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri akuluakulu. Nanga manambala ndiwatenge kuti?

Yankho lachitatu:
Pitani ku BIS (Bank for International Settlements), bungwe la mabanki aakulu a mayiko; manambala ake ndi aulere pa intaneti, a miyezi itatu iliyonse. Alipo a mitundu iwiri. A locational amatsata dziko lomwe ofesi ya banki ili, kotero banki ya ku Japan yokongoza kuchokera ku London imawerengedwa ngati ya ku Britain. A consolidated amatsata dziko la eni ake, ndipo funso lanu likufuna amenewa. Chenjeraninso ndi kusintha kwa mphamvu ya ndalama. Mu November 2023 kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti, dola kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Ngongole ya madola 1 miliyoni inalumpha m'mabuku kuchoka pa K1.18 biliyoni kufika pa K1.7 biliyoni popanda wina kulandira ngakhale tambala. Siyanitsani ngongole za m'madola ndi za m'makwacha musanawerenge kukula kwake.

Yankho lachinayi:
Njira yolimba koposa ndi ya Asim Khwaja ndi Atif Mian ya 2008. Pakistan itayesa zida za nyukiliya mu 1998, boma linamanga maakaunti a madola, ndipo mabanki odalira ndalama zimenezo anavulala kuposa anzawo. Khwaja ndi Mian anatenga makampani okongola kumabanki angapo, n'kuyerekeza ngongole za kampani iliyonse payokha. Ngati banki yovulala yadula pomwe inzake ikukongozabe kampani yomweyo, vuto lili ku banki. Koma njirayi imafuna manambala a ngongole iliyonse payokha, ndipo amenewo ndi achinsinsi. Lemberani Reserve Bank kalata kudzera kusukulu kwanu msanga, mupemphe omwe achotsedwa mayina. Akakana, gwiritsani ntchito malipoti a mabanki, muyerekeze a eni akunja ndi a eni akonkuno m'chaka chimodzimodzi. Mabanki athu ndi ochepa, ndiye phatikizanipo a ku Zambia ndi Mozambique kuti manambala akwane.