Gulu la indie folk lakula, koma masipika akulira pa siteji yaikulu

Woyendetsa mixer wa gululi:
Akuluakulu anzanga a ntchito ino, ndabwera kudzapempha nzeru. Kwa zaka zitatu ndakhala pa mixer, makina osakanizira mawu, ndikuyendetsa mawu a gulu la anthu anayi loimba nyimbo za indie folk, lomwe lili ndi gitala ya bokosi, banjo, vayolini ndi besi yaikulu yoimiritsa pansi. Pamene tinkaimba m'zipinda zazing'ono, onse ankazungulira maikolofoni imodzi ya condenser, mtundu umene umatola ngakhale mawu apansipansi, aliyense n'kumasendera pafupi nthawi yake ikakwana, ndipo omvera ankazikonda kwambiri. Tsopano dzina lamveka ndipo tayamba kuitanidwa ku zikondwerero zapanja. Sabata yatha ndinavutika, chifukwa ndikangokweza pang'ono masipika ankalira, ndikatsitsa anthu akumbuyo sankamva kanthu. Oimbawo akukana kusiya maikolofoni imodziyo, akuti ndiyo inawatchukitsa. Ndichite bwanji?

Mkulu wa mawu pa zikondwerero:
Achimwene, vuto lanu silili pa mixer, lili pa mtunda. Mtunda wochoka pa chida kufika pa maikolofoni ukawirikiza kawiri, mawu amatsika ndi 6 dB (dB ndi muyezo wa kukwera kwa mawu). Woimba amene waima theka la mita kuchoka pa condenser amafuna kuti mukweze kwambiri kuposa amene milomo yake ili pa SM58, maikolofoni yoimbira pafupi ndi pakamwa, ndiye mukakweza chotero maikolofoniyo imatolanso mawu a masipika n'kuwabwezera komweko. Ndiuzeni, pa siteji panali monitor (masipika oyang'ana oimba kuti azidzimva) zingati, ndipo kulirako kunali kwa likhweru kapena kong'ung'udza?

Woyendetsa mixer wa gululi:
Zikomo akulu. Panali monitor ziwiri pansi patsogolo pawo, ndipo kulirako kunali kong'ung'udza, makamaka woimba gitala akatembenukira kwa wa besi.

Wokonza ndi kuchuna zida za zingwe:
Pamenepo ndiye mwatchula gwero lake. Bokosi la gitala limanjenjemera lokha pafupi ndi 100 Hz (Hz ndi muyezo wa kunjenjemera kwa mawu; nambala ikachepa, mawu amakhala otsika), komanso thabwa lake lapamwamba limatero cha pa 200 Hz, choncho monitor ikalasa mawu m'bowo la bokosilo gitalayo imayamba kulira popanda woikhudza. Tsekani bowolo ndi chivundikiro cha labala. Kenako ikani high-pass filter, sefa yodula mawu otsika, pa chida chilichonse malinga ndi mawu ake otsikitsitsa: gitala imathera pa 82 Hz, vayolini pa 196 Hz, pamene besi imafika pa 41 Hz, ndiye ndi yokhayo yoyenera kusiyidwa kuti itsike. Chida chilichonse chikhale ndi pickup yakeyake, kachipangizo kotola mawu pa chida pomwepo. Koma ndikuchenjezeni chinthu chimodzi chimene ambiri amalakwitsa, kenako n'kumadana ndi pickup popanda chifukwa: pickup ya piezo, yomwe imatola kunjenjemera kwa thupi la chida, imafuna DI box (kabokosi kolumikiza chida ndi mixer) ya impedance, kapena kuti muyezo wa kukana magetsi, yosachepera megaohm imodzi. Mukailowetsa m'DI wamba, mawu amatuluka opyapyala ndi olasa m'khutu, ndipo woimba vayolini akangomva kamodzi sadzavomeranso.

Mayi woyang'anira maulendo a oimba:
Ine ndikugwirizana ndi akuluwa pa zida, koma ndikupempha kuti oimbawo musawalande chimene chinawabweretsera anthu. Amene amakonda nyimbo zotere amafuna kuona anthu anayi atagundana mapewa, akumvetserana mpweya. Gulu la Mumford & Sons linayamba mu 2007 ku London m'malo ang'onoang'ono, ndipo pofika 2013 linali gulu lalikulu lotseka chikondwerero cha Glastonbury ku England ndi banjo ndi besi yomweyo, koma pa siteji yotere aliyense anali ndi maikolofoni yake. Auzeni anyamata anuwo kuti nyimbo zambiri aziimba ndi zida zolumikizidwa, ndipo pakati pa chionetsero asonkhane pa maikolofoni imodzi kwa nyimbo imodzi kapena ziwiri zofatsa. Anthu akaona zimenezo amakhala chete okha.

Mkulu wa mawu pa zikondwerero:
Amayi anena zoona, ndipo n'zotheka ngati pa nyimbo ziwirizo muzimitsiratu monitor zonse, popeza anthu oimirirana pafupi chotero amamvana ndi makutu awo. Maikolofoniyo ikhale ya cardioid, yotola mawu akutsogolo n'kukana akumbuyo, iikidwe kumbuyo ndithu kwa mzere wa masipika akuluakulu, ndipo muivale chotchinga mphepo. Pa nyimbo zinazo ndikanakonda mutawapatsa monitor za m'khutu, koma muike maikolofoni ziwiri zoyang'ana kwa omvera n'kuwatumizira pang'ono, chifukwa gulu lozolowera kumva khamu likuvomera nyimbo limasokonezeka likatsekedwa makutu.

Woyendetsa mixer wa gululi:
Ndathokoza kwambiri nonsenu. Ndayang'ana DI zathu ndipo ziwiri n'zosayenera piezo, choncho ndizisintha tisanayeserere Lachinayi. Oimba avomera nyimbo ziwiri pa maikolofoni imodzi. Wa banjo yekha ndi amene akukayikabe za monitor za m'khutu, ndiye iyeyo ndimusiyira monitor yapansi imodzi, yoikidwa kumbuyo kwenikweni kwa maikolofoni yake.