Zija za G ndi k zatheka

Zikomo nonse amene munandiyankha funso lija loti bwanji k ya Coulomb (nambala yosasintha ya m'lamulo la mphamvu ya pakati pa ma charge amagetsi) imalembedwa 1/(4πε0) koma G ya Newton (nambala yosasintha ya m'lamulo la gravity, mphamvu yokokana ya ma mass) ilibe 4π. Ndatsatira malangizo a mmodzi wa inu oti ndilembe malamulo awiri a Gauss moyandikana, ∇·E = ρ/ε0 (la magetsi) ndi ∇·g = −4πGρ (la gravity), ndiye pomwepo ndaona kuti 4π ilipo konsekonse, kumagetsi anangoilowetsa mu k basi. G ikugwira ntchito ngati k, 4πG ikugwira ntchito ngati 1/ε0, ndipo samu imene ndinkapanga yopeza field mkati mwa mpira yatuluka bwinobwino.

Amene zikukuvutani musaiwale minus uja wa mu −4πGρ, amabwera chifukwa ma mass amakokana pomwe ma charge ofanana amakankhana. Komanso musafanizire 8.99×10⁹ (k) ndi 6.67×10⁻¹¹ (G) mwachindunji, mayunitsi ake ndi osiyana.